Mwaitanidwa ku usilikali ku Mozambique: konzani miyendo, konzaninso makutu

Ku Mozambique usilikali ndi lamulo. Mnyamata kapena mtsikana amene akukwanitsa zaka 18 amayenera kukalembetsa pa kalembera wa asilikali, recenseamento militar, amene amachitika mu Januwale ndi Febuluwale chaka ndi chaka, ndipo udindowu umamutsata munthu mpaka zaka 35. Si onse olembetsa amene amatengedwa. Ambiri amangosunga chikalata chawo n'kumachionetsa pofunsira ntchito m'boma kapena malo kusukulu zapamwamba. Koma amene dzina lake latuluka, napezeka kuti ndi apto, kutanthauza woyenera, pomuyeza thupi, amapita ndithu. Kale munthu ankatumikira zaka 2. Mu Disembala 2023 nyumba ya malamulo ku Maputo inavomereza kuti zikhale zaka 5, ndi 6 kwa a magulu apadera, nkhondo ya ku Cabo Delgado imene inabuka mu Okutobala 2017 ili mkati.

Malangizo awa ndi a wachinyamata wa ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde, Milange, kapena wa m'mbali mwa nyanja ku Metangula ndi Cóbuè, amene kwawo amayankhula Chinyanja koma akukaphunzira usilikali m'Chipwitikizi, kaya ku Manhiça, makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa Maputo, kaya ku Montepuez. Musadzione ngati ndinu nokha. Kalembera wa anthu wa 2017 anapeza kuti obadwa ndi Chipwitikizi pakamwa ndi pafupifupi 17 okha pa 100 alionse, choncho m'gulu lanu mudzakhala Amakhuwa, Asena, Achangana ndi Amakonde amene nawonso akuchita kutchera khutu. Ena mwa inu munaphunzira sukulu tsidya lino la Malawi, ku Dedza, Ntcheu kapena Mwanza, ndipo m'mutu muli Chingelezi. Chimenecho chidzakuthandizani pang'ono, n'kukupusitsaninso pang'ono.

Vuto la thupi ndi vuto la chiyankhulo amadyetsana. Amene sanamve lamulo amatembenukira kolakwika, ndipo malipiro ake ndi ma push-up ndi kuthamanga kowonjezera. Akatopa, khutu limagontha, n'kulakwitsanso. Choopsa kwambiri n'chakuti amene sadziwa kunena m'Chipwitikizi pamene pakumupweteka amangopirira mpaka fupa litang'aluka. N'chifukwa chake ziwirizi muzikonzekere pamodzi.

Tsiku loyeza thupi musabise kanthu

Pamayeso osankha anthu amayang'ana maso, makutu, mtima, chifuwa, msinkhu ndi kulemera. Ngati muli ndi mphumu, khunyu, mwera, chifuwa chachikulu, bondo limene linagulukapo, kapena mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku monga ma ARV, nenani ndipo tengani makhadi anu a kuchipatala. Ena amabisa poopa kusekedwa, ena pofuna ntchito. Matendawo sabisika pa kilomita ya 10 dzuwa lili paliwombo.

Kukadali miyezi itatu, pitani kuchipatala cha kwanu pa zinthu zitatu. Ngati munakulira kunyanja kapena kudambo ndipo munaonapo magazi pomaliza kukodza, kayezetseni likodzo. Mankhwala ake, praziquantel, amamwa tsiku limodzi. Pemphani mankhwala a njoka zam'mimba. Ndipo ngati mkati mwa zikope ndi m'zikhatho muli mbuu, kayezetseni kuchuluka kwa magazi, makamaka atsikana. Munthu wochepa magazi amachita befu msanga ngakhale atalimbikira motani, ndipo alangizi amamuyesa waulesi. Dzino lobooka nalonso lichotseni kapena limateni panopa.

Milungu 12 yokonza thupi

Mnyamata wolima mbatata ku Tsangano, wosenza matumba a makilogalamu 50 ndi kupalasa njinga ya makala, ali ndi mphamvu zimene wa m'tauni alibe. Msana, manja ndi kupirira zilipo kale. Chimene alibe ndi kuthamanga mosalekeza pa nthaka yolimba, atavala jombo zolemera, tsiku ndi tsiku popanda kupumulira. Mpira wa Lamlungu si womwewo, chifukwa mu mpira mumathamanga n'kuima.

Chinthu chimodzi chimvetseni bwino, pakuti pulogalamu yonse yatsamira pamenepo. Mtima ndi mapapo zimazolowera ntchito pa milungu yochepa. Minofu imatsatira. Mafupa ndi mitsempha yolumikiza zimatenga miyezi. Ndiye pofika mlungu wachitatu mumamva ngati mungathe kuthamanga kawiri kuposa kale, chifuwa chikuvomera, koma misongolo isanakonzeke. Ovulala ambiri amavulala pamenepa, chifukwa chomvera chifuwa.

Yambani ndi kudziyeza. Bwalo la mpira lalikulu bwino, mukalizungulira kunja kwa mizere, ndi mamita pafupifupi 350, ndiye maulendo 7 ndi makilomita pafupifupi 2.4. Mabwalo a kumudzi amachepa, choncho liyezeni ndi mapazi kapena ndi foni. Thamangani mphindi 12, muwerenge mwazungulira kangati. Tsiku lina werengani ma push-up amene mungachite osapumira, chifuwa chikufika pafupi ndi pansi ndipo msana uli wowongoka, ndi ma sit-up a pa mphindi imodzi. Lembani. Cholinga chabwino pofika tsiku lonyamuka ndi maulendo 7 aja pa mphindi 12, ma push-up 30 mpaka 40, ndi kudzikweza pa nthambi ya mango kasanu kapena kupitirira. Atsikana manambala a manja angatsike, koma za miyendo n'zofanana.

Mlungu 1 mpaka 3, thamangani katatu pa mlungu, tsiku lopumula pakati. Mphindi 2 kuthamanga, mphindi imodzi kuyenda, mpaka zikwane mphindi 20 kapena 25. Liwiro lake likhale loti mungathe kucheza ndi mnzanu osadukiza mawu. Sankhani msewu wa dothi, osati tala. Amene amathamanga kale angayambe ndi mphindi 20 mosalekeza, koma asapitirire pamenepo.

Mlungu 4 mpaka 8, masiku awiri thamangani mosalekeza, kuyambira mphindi 20 n'kumawonjezera mphindi 2 kapena 3 pa mlungu mpaka pafupifupi 30. Lamulo losavuta ndi lakuti mtunda wa mlungu uno usapose wa mlungu watha ndi gawo loposa limodzi mwa magawo 10. Tsiku lachitatu ndi la liwiro: kuzungulira bwalo kamodzi mwamphamvu, kuyenda mphindi imodzi ndi theka, kubwereza kanayi, kenako kasanu, mpaka kasanu n'kamodzi. Mlungu wa 4 ndi wa 8 chepetsani ntchito ndi theka. Thupi limamanga pamene mukupumula.

Katundu wa kumsana ayambe mlungu wa 5, kamodzi pa mlungu. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye mabotolo a madzi ndiwo sikelo yanu. Akulungeni m'bulangeti kuti asagunde msana, olemera akhale m'mwamba ndi pafupi ndi msana, zingwe zikhale zokoka bwino kuti chikwama chisamagwedere. Makilogalamu 5 pa makilomita 5 poyamba. Mlungu uliwonse wonjezerani chimodzi chokha, kulemera kapena mtunda, osati zonse ziwiri. Pofika mlungu wa 11 mukhale pa makilogalamu 12 mpaka 15 ndi makilomita 12, pa liwiro la makilomita 5 kapena 6 pa ola. Musapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwanu, ndipo musathamange ndi katunduyo. Kumeneko mwina adzakuthamangitsani naye, koma palibe phindu kuyamba kuwononga mawondo muli kwanu.

Za manja n'zachidule. Ngati mumatha ma push-up 20, chitani 10 kasanu, kupumira mphindi imodzi pakati, tsiku lina inde lina ayi, n'kudziyezanso pakatha milungu iwiri. Onjezani kunjuta n'kudzuka ka 20 katatu, kuima ndi zala pa sitepe n'kumakweza zidendene ka 25 katatu mwendo uliwonse, ndi kugona chafufumimba mutatsamira zigongono, thupi lili ngati thabwa, masekondi 45. Kukweza zidendene kuja kumaoneka kwachibwana, koma ndi kumene kumateteza misongolo ndi akakolo.

Mlungu womaliza ingoyendani ndi kuthamanga pang'ono. Kufika ndi mwendo wotupa n'koipa kuposa kufika ndi ma push-up ochepa. Ngati kalata yabwera mochedwa ndipo mwatsala ndi milungu inayi yokha, musapanikize milungu 12 m'milungu inayiyo. Chitani za mlungu 1 mpaka 4 basi. Fodya siyani lero, osati mawa.

Kupweteka kwa msongolo: kwina n'kopirira, kwina ayi

Ululu wofalikira m'mbali mwa msongolo, dera lotalika ngati chikhatho, umene umachepa thupi likatenthedwa, nthawi zambiri ndi minofu ndi khungu la fupa zimene zanyansidwa ndi ntchito. Umafuna kuchepetsa kuthamanga, nsalu yonyowa yozizira mphindi 15, ndi kuwongola akatumba. Koma ululu wa pamalo amodzi oti mungaloze ndi chala chimodzi, umene umakula mukamathamanga, umene umakulepheretsani kudumpha ndi mwendo umodziwo, kapena umene umakudzutsani usiku, ndi chizindikiro cha fupa limene layamba mng'alu. Zimachitika pa msongolo ndi pa timafupa ta pamwamba pa phazi. Likagwidwa msanga limapola pa milungu 6 mpaka 8. Mukalipondabe limathyoka.

Ululu wa m'mphechepeche kapena m'chiuno umene ukukutsimphinitsani musagone nawo, makamaka atsikana ndi anthu aafupi. Poguba, aafupi amatambasula miyendo kuti afanane ndi aatali, ndipo khosi la fupa la ntchafu limalandira nkhonya imeneyo. Likathyoka ndi opaleshoni. Mtsikana amene msambo wasiya kubwera pa maphunziro anene kuchipatala, chifukwa n'chizindikiro choti thupi likudya zochepa kuposa ntchito yake ndipo mafupa akufooka.

Mapiritsi a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac amayenda m'matumba a anthu ngati maswiti. Amaphimba mng'alu kuti muziupondabe, ndipo mukawamwa thupi lili louma ndi thukuta amavulaza impso.

Mapazi ndi jombo

Polandira jombo, ziyeseni mutavala masokosi amene muzivala, mutaimirira. Kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wa sentimita imodzi, ndipo chidendene chisamatuluke mukamayenda. Phazi limatupa masana ndi paulendo, ndiye jombo yothina m'mawa idzakhala ndende madzulo. Ngati yachepa, nenani pomwepo kapena sinthanani ndi mnzanu tsiku lomwelo: número ndi saizi, apertada ndi yothina, larga ndi yokhwepa. Amene anazolowera kuyenda opanda nsapato kapena ndi patapata amakhala ndi phazi lotambalala, ndipo nthawi zambiri amafunika nambala imodzi pamwamba. Chikopa cholimba cha kuphazi kwawo sichiwateteza ku matuza. Thuza limangopangika pansi pa chikopacho, ndipo limapweteka kwambiri.

Matuza amabwera ndi zinthu zitatu: kukhuzana, chinyezi ndi kutentha. Valani masokosi awiri, opyapyala a nayiloni mkati, okhuthala kunja, kuti kukhuzana kuchitike pakati pa masokosi osati pakhungu. Tengani mapeya osachepera 6 ngati akulolani. Mukangomva malo akuotcha, pa kupuma koyamba vulani, pukutani, matanipo pulasitala wosapindika. Thuza laling'ono lisiyeni. Lalikulu lolepheretsa kuyenda, tsukani ndi sopo, boolani m'mphepete ndi singano yowotcha pamoto, finyani madzi, khungu la pamwamba lisiyeni likhale chivindikiro, n'kumata. Musalowetsemo ulusi, musathiremo phulusa kapena mafuta a galimoto. Likafiira mozungulira, kutuluka mafinya kapena kutupitsa mwanabele m'mphechepeche, ndi nkhani ya kuchipatala.

Zikhadabo wengani mowongoka, osazungulira m'makona. Pakati pa zala pukutani mouma usiku uliwonse, ndipo kubafa valani patapata, apo ayi linyetsu likupezani. Jombo zonyowa ziyikeni mapepala mkati, ziume pamthunzi; pamoto chikopa chimauma gwa n'kung'aluka. Pakati pa ntchafu ndi m'khwapa pakani Vaseline musananyamuke ulendo wautali.

Kutentha, madzi ndi malungo

Wochokera ku Ulóngue, kumtunda kozizira, akatsikira ku zigwa za kum'mwera kapena ku Cabo Delgado amakumana ndi kutentha kwa chinyontho kumene thukuta siliuma. Wa ku Moatize kapena mumzinda wa Tete, kumene kumafika madigiri 40, ali ndi mwayi pamenepa. Thupi limatenga masiku 10 mpaka 14 kuti lizolowere, ndipo masiku amenewo ndiwo oopsa. Mungathe kuyambiratu: m'milungu iwiri yomaliza, ulendo wina muziyenda dzuwa litakwera, mphindi 30 mpaka ola, muli ndi madzi.

Imwani theka la lita kutatsala maola awiri kuti ntchito iyambe. Pa ntchito yolemetsa padzuwa, theka la lita mpaka lita imodzi pa ola, pang'onopang'ono. Musapitirire lita imodzi ndi theka pa ola. Madzi ochuluka mopitirira amasungunula mchere wa m'magazi, munthu n'kuyamba mutu, kusanza ndi kusokonezeka, anzake n'kumamumwetsabe poganiza kuti ndi ludzu. N'chifukwa chake chakudya musadumphe, pakuti mchere umachokera m'ndiwo. Mkodzo ndiwo muyeso: wotuwirako pang'ono uli bwino, wachikasu chakuda ukuti imwani. Koma mkodzo wakuda ngati Coca-Cola, pamodzi ndi minofu yotupa ndi yopweteka kwambiri pambuyo pa chilango chachikulu, ndi minofu imene ikusweka n'kutseka impso. Pitani kuchipatala ola lomwelo.

Mukatsegula m'mimba, mapaketi a SRO (ORS, mchere ndi shuga zosungunula m'madzi) ndiwo abwino. Akasowa, lita imodzi ya madzi aukhondo, masipuni a tiyi 6 osasefukira a shuga, ndi theka la sipuni ya mchere.

Mnzanu akayamba kuyankhula zosamveka, kudzandira, kukwiya popanda chifukwa kapena kukomoka padzuwa, musadikire kuti thukuta liume kaye. Ambiri amakhala akutulukabe thukuta. Fuulani, mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala ndi jombo, mumuthire madzi thupi lonse n'kumamukupiza, nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Kuziziritsa kuyambe pomwepo, galimoto ikubwera. Wokomoka sapatsidwa madzi pakamwa.

Anthu a kumapiri alibe chitetezo chokwanira ku malungo a kuzigwa. Neti ikhale yopisira pansi pa matiresi usiku uliwonse, ngakhale mutatopa chotani. Thupi likatentha kayezetseni tsiku lomwelo, ndipo musabise n'kupita kothamanga. Kutentha kwa malungo kukakumana ndi kutentha kwa dzuwa, munthu amagwa.

Malamulo a pa perete: aphunzireni ndi thupi

Chipwitikizi chimene mukufunika pa milungu iwiri yoyamba n'chochepa, mawu osapitirira 100. Vuto n'lakuti safika ngati a m'kalasi. Amafuulidwa, odulidwa, ndipo mulibe nthawi yomasulira. Amene amamva esquerda, n'kuganiza kuti ndi kumanzere, n'kufunafuna dzanja lamanzere, anzake atembenuka kale. Mawuwo ayenera kupita kumwendo osadzera m'Chinyanja.

Lamulo lili ndi zigawo ziwiri. Loyamba ndi chenjezo, limakokedwa, ndipo ndilo limakuuzani chochita. Lachiwiri ndi lalifupi, lophulika, ndipo limangokuuzani kuti tsopano. Mu "Direita... volver!" nzeru yonse ili pa direita, kumanja; volver, amene nthawi zambiri amangomveka ngati "ver", ndi belu chabe. Ndiye mverani liwu loyamba, sunthirani kulemera kumwendo woyenera mwakachetechete, dikirani lachiwiri. Osuntha pa liwu loyamba amalangidwa mofanana ndi ochedwa.

Mawu a Chipwitikizi a pa perete amene muyenera kufika mukuwadziwa ndi awa. Sentido ndi kuima njo, zidendene pamodzi. Descansar ndi kutsegula miyendo, manja kumbuyo. À vontade ndi kumasuka koma osachoka pamalo. Direita volver, esquerda volver ndi meia-volta volver ndi kutembenukira kumanja, kumanzere ndi kumbuyo. Em frente, marche ndi kuyamba kuguba, ndipo mwendo woyamba ndi wamanzere. Marcar passo ndi kuguba pamalo amodzi. Alto ndi imani, ngakhale kusukulu munaphunzira kuti ndi wamtali. Cobrir ndi kulunjika kumbuyo kwa amene ali patsogolo panu, perfilar ndi kuwongola mzere cham'mbali. Continência ndi sailuti. Kachitidwe kake kenikeni, kuti phazi lifike pati ndi dzanja liime bwanji, tsatirani mlangizi wanu, ndipo zimene munaonera kwa asilikali a dziko lina ziiwaleni.

Yesererani kwanu mphindi 10 patsiku. Mng'ono wanu azifuula mosakaniza, inu muzichita. Mangani kachingwe pa dzanja lamanzere mlungu woyamba, mlungu wachiwiri muchotse. Pothamanga werengani mapazi m'Chipwitikizi, um, dois, um pa mwendo wamanzere. Pochita ma push-up werengani mokweza mpaka cinquenta, 50, chifukwa kumeneko mudzawerenga mokweza, ndipo nambala yanu ya usilikali mudzaitchula mothamanga. Flexões ndi ma push-up, abdominais ndi ma sit-up, corrida ndi kuthamanga.

Masiku oyamba, ngati muli ndi mwayi wosankha, imani pakati pa gulu, osati mzere wakutsogolo kapena kumapeto, kuti muzionera anzanu ndi ngodya ya diso. Koma ndodo imeneyi muitaye pofika mlungu wachiwiri. Woonera amachedwa theka la sekondi nthawi zonse, ndipo mlangizi amaliona theka limenelo.

Mawu a tsiku ndi tsiku amalowa okha, koma kuwadziwiratu kumapulumutsa: alvorada ndi kudzuka, formatura ndi kufola, caserna ndi nyumba yogona, refeitório ndi kodyera, farda ndi yunifolomu, cantil ndi botolo la madzi, mochila ndi chikwama, revista ndi kuyendera ukhondo ndi katundu, faxina ndi ntchito yosesa ndi kukolopa, pelotão ndi gulu lanu. Maudindo kuyambira pansi: soldado, cabo, sargento, kenako maofesala, alferes, tenente, capitão, major. Nthawi amawerenga mpaka 24, ndiye dezassete horas ndi 5 koloko madzulo. Samalani dezasseis (16) ndi dezassete (17), sessenta (60) ndi setenta (70). Pakamwa pa munthu wofuula amafanana.

Ophunzira Chingelezi ali ndi misampha yawoyawo. Puxar ndi kukoka, osati kukankha. Kukankha ndi empurrar, ndipo pa mfuti kusiyana kumeneku si nthabwala. Constipação ndi chimfine, osati kudzimbidwa.

Pa bwalo loombera pali mawu amene muyenera kuwadziwa ngakhale mutadzutsidwa pakati pa usiku: cessar fogo, lekani kuomba; carregar ndi descarregar, kuika ndi kuchotsa zipolopolo; segurança, loko wa mfuti; cano, mpope wa mfuti, umene suloza munthu; gatilho, pokhethemulira, pamene chala sichikhala mpaka mwauzidwa; carregador, chosungira zipolopolo. Kumeneku ngati simunamve, musaonere mnzanu. Siyani mpope uloze kutsogolo, chala kunja, kwezani dzanja.

Ulemu wa kwathu ndi ulemu wa kumeneko

Mwana woleredwa bwino pakati pa Achewa ndi Angoni, wamkulu akamayankhula amayang'ana pansi, amatsitsa mawu, ndipo amavomera ngakhale sanamvetse, chifukwa kufunsanso kuli ngati kuderera. Ku usilikali zitatu zonsezi zimawerengedwa mosiyana. Kuyang'ana pansi ndi kubisa kanthu, mawu otsika ndi kusadziwa, ndipo "sim", inde, wa munthu amene sanamve ndiye amabala zilango zambiri kuposa china chilichonse. Mutu ukhale chilili, maso kutsogolo, mawu okweza ndi achidule. Wamkulu musamutchule "tu", amene ndi "iwe" wa Chipwitikizi. Mutchuleni ndi udindo wake, m'njira imene adzakuphunzitseni tsiku loyamba.

Ziganizo zinayi zilowezeni mpaka zizituluka zokha. "Dá licença", popempha kuyankhula kapena kulowa. "Não percebi", sindinamve. "Pode repetir, por favor?", bwerezani chonde. "Mais devagar, por favor", pang'onopang'ono chonde. Akakutumani, bwerezani zimene mwamva, ngakhale m'Chipwitikizi chothyoka: malo, nthawi, chinthu. Mwina adzakukalipirani chifukwa chofunsa. Kukalipa kwa masekondi 10 n'kotsika mtengo poyerekeza ndi gulu lonse kulangidwa chifukwa cha inu. Za l ndi r, zimene lilime lathu silisiyanitsa, anzanu adzaseka. Asekeni nawo, palibe amene analephera maphunziro chifukwa cha zimenezo.

Mawu a kuchipatala ndiwo ofunika kuposa onse, ndipo ndi amene anthu sawakonzekera. Wa ku posto médico, kachipatala ka pamalopo, amaona anthu ambiri onamizira, choncho amene wangoti "estou doente", ndikudwala, amabwezedwa ndi Panado. Nenani zinthu zitatu: pati, kuyambira liti, ndi chimene chikukukanikani. "Dói-me aqui", pakundipweteka apa, n'kuloza ndi chala chimodzi. "Há cinco dias", masiku asanu. "Não consigo pisar", sindingathe kuponda. "Dói à noite", pamapweteka usiku. Canela ndi msongolo, joelho bondo, tornozelo kakolo, anca chiuno, virilha mphechepeche, peito chifuwa. "Estou com febre", thupi latentha. "Tenho tonturas", chizungulire. "A urina está escura", mkodzo wada. "Tenho bolhas", matuza. Pothandiza mnzanu: "Desmaiou!", wakomoka, ndi "Está confuso", wasokonezeka. Ngati lilime likukana, lembani pa pepala usiku mothandizidwa ndi mnzanu, mukapereke pepalalo.

Njira yophunzirira ndi kabuku kakang'ono kokwana m'thumba, m'kapepala ka pulasitiki ka shuga, ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka ndi thukuta. Mawu 10 patsiku, olembedwa mmene akumvekera m'khutu lanu, "ishkerda", "dishkansar", kalembedwe koyenera kadzabwera pambuyo. Mukadali kwanu, mverani Rádio Moçambique ya ku Tete kapena ya ku Lichinga: nkhani za tsikulo muzimve m'Chinyanja, kenako muzimvenso m'Chipwitikizi mukudziwa kale zimene zikunenedwa.

Kumeneko pezani anzanu a mitundu iwiri. Mnyungwe kapena Msena amene Chipwitikizi chake n'chabwino ndi mlatho, pakuti ziyankhulo zawo n'zapachibale ndi chathu ndipo angakufotokozereni phunziro la tsikulo pa mphindi zisanu musanagone. Koma mukhalenso ndi wina amene simumvana naye konse kupatula m'Chipwitikizi, Mchangana kapena Mmakhuwa. Amene amangokhala m'kagulu ka akwawo amatuluka ndi mawu omwe analowa nawo. Mubwezereni mnzanuyo ndi zimene inu mumatha, kaya kupukuta jombo kaya kumupepuza katundu paulendo. Nyimbo zothamangira zimabwera m'ziyankhulo zosiyanasiyana. Imbani ngakhale simukumva, chifukwa zimayendetsa mpweya ndi mapazi.

Chakudya idyani chonse, mwachangu, xima (nsima) ndi nyemba zomwe, ngakhale m'mawa mtima usakufuna mata-bicho, chakudya cha m'mawa. Magetsi akazima gonani. Kukalipidwa ndi ntchito yowawa ndi mbali ya maphunziro, koma kumenyedwa mpaka kuvulala kapena kukanizidwa chipatala si maphunziro. Zimenezo zinenedwe kwa ofesala wa gulu kapena kwa achipatala. Kuthawa ndi mlandu, ndipo kumakutsatani.

Tsiku lolumbira

Maphunziro amathera pa juramento de bandeira, kulumbira pamaso pa mbendera. Mawu a lumbiro ndi nyimbo ya fuko yambani kuloweza kukadali milungu, mzere umodzi patsiku, ndipo mnzanu akuuzeni tanthauzo la mzere uliwonse. Mawu omveka amakhazikika msanga kuposa phokoso chabe.

Tsikulo mudzaima njo nthawi yaitali padzuwa, ndipo amene amagwa nthawi zambiri si ofooka. Munthu akaima osasuntha, magazi amadikha m'miyendo, ubongo n'kuperewera. Idyani m'mawa, imwani theka la lita musanafole, mawondo musawakhwimitse mpaka kumbuyo koma akhale ofewa pang'ono mkati mwa buluku. Muzigwedeza zala mkati mwa jombo, muzifinya akatumba ndi matako masekondi 10 n'kumasula, muzisuntha kulemera kuchoka kuzidendene kupita kutsogolo mosaonekera. Mukaona m'maso mukuda ndi m'makutu mukulira, gwadani bondo limodzi, mutu pansi, mfuti mutaigwira.